Chimadzaza holo pa part 2 n'chiyani kwenikweni?

WaVidiyo_Mbaluku
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe lakhala likundizunguza mutu, ndipo ndikudziwa kuti pano pali anthu owerenga kwambiri kuposa ine. Ndakhala ndikuonetsa mafilimu kuno kwa M'baluku kwa zaka 12 tsopano. Loweruka lapitali ndinaika part 2 ya Joker. Ndinalemba ndi choko pa bolodi panja kuyambira m'mawa, ndipo pofika 6 koloko mabenchi onse anali atadzaza, ena atakhala pansi pafupi ndi sipika. Anthuwo anabwera chifukwa yoyamba ija ndinaionetsa kangapo ndipo ankaikonda. Koma isanafike n'pakati pomwe, anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Ekitala akungoimba, kenako khoti, kenako nyimbo ina. Anyamata atatu anandiimira pakhomo kufuna ndalama zawo, ndinawabwezera. Lamulungu ndinaibwereza, munalowa anthu asanu okha.

Mng'ono wanga akuti kunja kunachitikanso zomwezo. Yoyamba ya 2019 inadutsa madola 1 biliyoni pa ndalama za pakhomo, yachiwiri ya 2024 inathera cha m'ma 200 miliyoni. Komanso iye yemweyo akundiuza kuti ma part 2 ena ndiwo amapanga ndalama zambiri kuposa oyamba. Ndiye chimasiyanitsa n'chiyani? Iye akuti ndi ndalama zotsatsira basi. Ine sindikukhulupirira, chifukwa ine ndinatsatsa ndi choko ndipo anthu anadzaza, koma sanabwerenso.

Kabaza_wa_Soko
Achimwene, yankho ndi ekitala. Ife tinakula tikufunsa pakhomo kuti muli ndani, osati nkhani yake ndi yotani. Mukati muli Van Damme, tinkalowa. Mukati muli Rambo, tinkalowa ngakhale titaiona kale kasanu. Top Gun yachiwiri inapanga ndalama chifukwa cha Tom Cruise.

Chembe_Boy
Nanga mu Joker anasintha ekitala? Ndi Joaquin Phoenix yemweyo, yemwe anapata mphoto ya Oscar ndi yoyamba ija. Wotsogolera ndi Todd Phillips yemweyo. Anawonjezanso Lady Gaga. Mfundo yanuyo yagwera pomwepo.

Kabaza_wa_Soko
Anamuwononga ndi kuimba. Munthu timamudziwa ndi zina, inu mukumupatsa maikolofoni.

Chembe_Boy
Ndiye mwavomera kuti si nkhope yake yomwe anthu ankalipira. Ankalipira zomwe ankachita.

Akawunti_Koche
Ndisanalowe m'mkanganowu ndifotokoze kaye za ndalamazo, chifukwa tikamva biliyoni timaganiza kuti yonse yalowa m'thumba mwa kampani. Sizili choncho. Ndalama za pakhomo amagawana ndi eni maholo, ndipo mwachidule kampani yopanga filimu imatenga pafupifupi theka. Ku China gawo la makampani akunja limachepa kwambiri, limakhala pafupifupi kotala. Kuwonjezera apo, ndalama zotsatsira siziwerengedwa pa ndalama zojambulira, zimakhala pazokha, ndipo pa mafilimu akuluakulu zimadutsa madola 100 miliyoni. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amati filimu iyenera kupanga kawiri kapena kawiri ndi theka ka ndalama zomwe inajambulira kuti ingobweza mpamba.

Onani Fast X ya 2023, yomwe ndi part 10 ya Fast & Furious. Inapanga pafupifupi madola 700 miliyoni, yomwe kwa ife ndi ndalama yosawerengeka. Koma kujambula kwake kunadya ndalama zoposa 300 miliyoni. Mukachotsa gawo la maholo ndi zotsatsira, muona kuti eni ake sanasangalale. Vuto la ma part ambiri ndi lomweli, gawo lililonse limakwera mtengo chifukwa akatswiri amafuna malipiro okwera ndipo zophulika ziyenera kuposa za m'gawo lapita.

Usipa_Wouma
Zikufanana ndi geni yathu. Munthu akaona matumba 20 a usipa akukwera lole pa Makawa amati walemera. Saona za thiransipoti, za msika, ndi zomwe zaphwanyika panjira.

MuJoni_Fordsburg
Ine ndilankhule zomwe ndinaona ndi maso. Mu April 2019 ndinali kuno ku Johannesburg pomwe Avengers: Endgame inatuluka. Abwana anga a pashopu anagula matikiti pa intaneti kutatsala masiku ambiri, ndipo anandigulirako imodzi chifukwa mwana wawo wina anadwala. Sindinaonepo zotero. Holo yodzaza mpaka mzere woyamba, womwe munthu amaonera atapendeketsa khosi. Filimu ya maola atatu koma palibe ankafuna kutuluka ngakhale kupita kokataya madzi. Panja pa holo anthu otuluka ankatseka pakamwa, olowa ankatseka m'makutu kuopa kumva mathero ake. Pamalo ena anthu anaimirira kuwomba m'manja ngati chigoli chalowa, ndipo mtsikana yemwe anakhala pafupi nane analira mpaka kumapeto.

Chomwe chinawabweretsa ndi chimodzi. Avengers ya m'mbuyo mwake, Infinity War ya 2018, inatha mdani atapambana, theka la ngwazi za m'nkhaniyo zitasanduka fumbi. Anthu anakhala chaka chathunthu akufunsana kuti abwerera bwanji. Ndipo Endgame inali filimu ya nambala 22 pa mndandanda wa mafilimu a kampani ya Marvel womwe unayamba mu 2008. Munthu woti waona 21, angasiye yomaliza? M'masiku ochepa oyambirira okha inadutsa madola 1.2 biliyoni padziko lonse, ndipo inathera pafupifupi 2.8 biliyoni. Kwa ine chinsinsi ndi kusiya nkhani m'malere.

Nachisale_265
Zimenezo a ku Nigeria anazidziwa kalekale. Mukukumbukira ma CD aja? Filimu imatha pomwe mayi uja wanyamula mbale ya chakudya chothira mankhwala, mwana akutambasula dzanja, basi zilembo zayamba kukwera. Mawa lake tonse tili kwa wogulitsa kufunsa part 2. Amayi anga ankatituma mpaka ku boma wapansi.

WaVidiyo_Mbaluku
Zoona zimenezo asisi. Ndipo ya chimwenye ija, Baahubali, inandidyetsa bwino. Yoyamba imatha munthu wokhulupirika atabaya mbuye wake kumbuyo, osanena chifukwa chake. Nditapeza yachiwiri ndinaionetsa masiku anayi otsatizana, ndipo tsiku lililonse ndinkabweza anthu pakhomo. Koma a MuJoni, funso langa likadalipo. Avatar yoyamba sinathere m'malere, nkhani inatha bwinobwino. Yachiwiri inabwera patapita zaka 13 ndipo akuti inadutsa 2 biliyoni. Top Gun chimodzimodzi.

Anganga_Malindi
Ana anga, ndiloleni ndiyankhe za Top Gun, poti ine ndinalipo. Yoyamba inatuluka mu 1986. Ife tinaionera pa tepi patapita zaka, kunyumba kwa mnzathu wina yemwe anabwera ndi deki kuchokera ku Joni, tikuyendetsa TV ndi batire ya galimoto. Chithunzi chinkachepa batire ikamatha, koma tinkaonerabe. Yachiwiri yatuluka mu 2022, patapita zaka 36. Mdzukulu wanga atandionetsa pa laputopu, nyimbo yoyambirira ija itangolira, ndinakumbuka anzanga omwe tinkakhala nawo pamkeka usiku uja. Awiri a iwo anatisiya. Munthu wamkulu akalipira tikiti ya filimu yotere akugula unyamata wake, ndipo sapita yekha, amatenga ana kuti akawaonetse zomwe iye ankakonda. Amenewo ndi matikiti anayi pa chikumbukiro cha munthu mmodzi.

Chembe_Boy
Agogo mwalankhula bwino, ndipo Spider-Man ya December 2021 ikukuikirani umboni. Anabweretsa Tobey Maguire ndi Andrew Garfield, omwe anasewerapo ngati Spider-Man kale, kudzakumana ndi Tom Holland. Inapanga pafupifupi 1.9 biliyoni nthawi yomwe anthu ambiri ankaopabe maholo chifukwa cha Covid, komanso sinaonetsedwe ku China. Koma chikumbukiro pachokha sichikwanira. Indiana Jones ya 2023 inali ndi Harrison Ford yemweyo, chipewa chomwecho, koma sinafike n'komwe 400 miliyoni.

Anganga_Malindi
Mwina anthu ake anali atakhumudwa kale ndi ya m'mbuyomo. Chikumbukiro chimafuna kuti malo omwe ukubwererako unawasiya bwino.

MayiWaAwiri_Namiasi
Abambo inu mukungokamba za mfuti ndi ndege, mwaiwala ana. Mwana sapita yekha kukaonera filimu. Akafuna mmodzi, amapita mayi, bambo ndi mchemwali wake. Ndipo mwana satopa ndi kubwereza. Wanga wamng'ono waonera Moana pa foni yanga mwina kopitirira makumi atatu, nyimbo zake amaimba akusamba ngakhale Chingerezi sachidziwa. Tangoganizani ana mamiliyoni angati kunjako anachita zomwezo kwa zaka 8. Yoyamba ya 2016 inapanga ndalama zoposa 600 miliyoni, yachiwiri ya 2024 inadutsa biliyoni. Inside Out yachiwiri chaka chomwecho inafika pafupifupi 1.7 biliyoni, pomwe yoyamba ya 2015 inali cha m'ma 850 miliyoni. Omwe anaona yoyamba ali ana anali atakula, ndipo panabadwanso ana ena omwe anaipeza kunyumba.

Kabaza_wa_Soko
Makatuni si mafilimu amayi.

MayiWaAwiri_Namiasi
Ndalama yake ndi yomweyo achimwene. Funsani a WaVidiyo kuti Loweruka m'mawa amawadyetsa ndani.

WaVidiyo_Mbaluku
Amayi akunena zoona. Sukulu zikatsekera, komanso masiku a Eid ana akapatsidwa kandalama, sho ya m'mawa ndi yomwe imagula mafuta a jenereta a sabata yonse.

Usipa_Wouma
Mwatchula jenereta, ndifunseko. Yanu ndi ya mtundu wanji? Yanga ikumwa mafuta kwambiri ndipo ikumazima ndikalumikiza firiji. Magetsi akathima madzulo nsomba zanga zosawamba zimakhala pa chiopsezo.

WaVidiyo_Mbaluku
Yanga ndi yaing'ono, imangokwanira TV, amp ndi babu limodzi. Firiji imafuna mphamvu zambiri poyamba kulira, ndiye ikhoza kukhala kuti yanuyo ndi yochepa. Muchotse zina zonse, muyatse firiji yokha kaye, ikakhazikika muzilumikiza zinazo. Muonetsenso kabuleta kwa amakaniko.

Nyali_ya_Sola
Sola ndiye yankho akuluakulu. Dzuwa la Mangochi lomwe limatiwotcha chaka chonseli likungopita pachabe. Ine ndinaika mapanelo awiri ndi batire, chaka chino sindinagulepo petulo.

Usipa_Wouma
Batire yake ndi yomwe yandilepheretsa. Mtengo wake ndi mpamba wanga wonse.

Admin_Gulu
Abale, za sola tidzatsegula ulusi wake. Tibwerere ku funso la a WaVidiyo.

Mphunzitsi_Namwera
Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti aliyense wagwira mbali yake, koma tikusakaniza ndalama ziwiri zosiyana. A WaVidiyo anayankha kale funso lawo osadziwa. Loweruka holo yawo inadzaza, Lamulungu munali anthu asanu. Omwe anabwera Loweruka sanabwere chifukwa cha part 2, poti anali asanaione. Anabwera chifukwa cha part 1. Ndalama ya tsiku loyambayo ndi malipiro a ntchito yomwe filimu yoyamba inagwira. Ndalama ya Lamulungu ndi yomwe part 2 inadzipezera yokha, kudzera pakamwa pa anthu omwe anatuluka Loweruka n'kukafotokozera anzawo kudambwe, pa siteji ya kabaza ndi kumsika.

Kunja zimayenda chimodzimodzi, kungoti manambala ndi aakulu. Tengani mwezi umodzi wokha, May 2022. Doctor Strange yachiwiri inatsegula ndi madola pafupifupi 187 miliyoni ku America pa weekend yoyamba. Top Gun: Maverick inatsegula kumapeto kwa mwezi womwewo ndi pafupifupi 127 miliyoni. Mukanafunsidwa nthawi imeneyo mukanati Doctor Strange yapambana. Koma iyo inatsika mofulumira n'kuthera cha m'ma 950 miliyoni padziko lonse, pomwe Top Gun inakhalabe m'maholo miyezi ingapo, anthu akuuzana, ena akubwereza, mpaka pafupifupi 1.5 biliyoni. Ndipo inafika pamenepo popanda China.

Avatar yachiwiri nayo sinatsegule modabwitsa, inayamba ndi pafupifupi 134 miliyoni ku America mu December 2022. Koma inagwira nyengo yonse ya Khirisimasi ndi January, chifukwa aliyense wotuluka ankauza mnzake kuti iyi si yoonera pa foni, pita ukaione pa sikirini yaikulu. Ndipo matikiti a 3D ndi IMAX (maholo a sikirini yaikulu kwambiri) ndi okwera mtengo, ndiye munthu mmodzi amasiya ndalama zambiri kuposa pa filimu wamba. Inathera pafupifupi 2.3 biliyoni.

Choncho ekitala, dzina, kutsatsa ndi kusiya nkhani m'malere, zonsezi zimagwira ntchito imodzi: kubweretsa anthu masiku atatu oyamba. Zomwe zimachitika pambuyo pake zimadalira ngati filimuyo yakwaniritsa zomwe anthu anadzera. Ndipo apa mpovuta, chifukwa munthu amafuna zomwe anakonda zija, koma safuna kuona filimu yomweyo kawiri. Joker yachiwiri inathawa kutali kwambiri ndi zomwe anthu anadzera. Ma part ena amalakwitsa mbali inayo, amangobwereza.

Mkaka_Wa_Mbuzi
Aphunzitsi, mwalemba bwino koma ndikutsutsani. Transformers ya 2014 anthu olemba za mafilimu anainyoza kwambiri, ine ndemwe ndinaiona ndipo mutu wake sindinaumve. Koma inadutsa madola 1.1 biliyoni. Ngati ubwino ndiwo umagwira ndalama, imeneyi inazipeza bwanji?

Mphunzitsi_Namwera
Funso labwino. Pali zinthu ziwiri. Choyamba, gawo lalikulu la ndalamazo, zoposa 300 miliyoni, linachokera ku China, komwe mbali ina ya filimuyo inajambulidwa ndipo msika wa maholo unkakula mofulumira nthawi imeneyo. Chachiwiri, onani yotsatira yake. Ya 2017 inagwa kufika cha m'ma 600 miliyoni. Anthu omwe anatuluka mu 2014 atatopa sanabwerenso mu 2017. Filimu yofooka ikhoza kudya ndalama za dzina, koma ngongoleyo imalipidwa ndi yobwera pambuyo.

Usipa_Wouma
Izi ndazimva bwino. Kasitomala wanga wa ku Limbe ndikamutumizira usipa wabwino katatu, kachinayi amatumiza ndalama asanaone katundu. Ndikamuikira wa mchenga pansi pa thumba, ndalama ya ulendo umenewo ndadya, koma ulendo wotsatira foni yanga sayankha.

Mkaka_Wa_Mbuzi
Komabe sindikuvomera zonse. Captain Marvel ya 2019 inadutsa 1.1 biliyoni. Yotsatira yake, The Marvels ya 2023, inathera cha m'ma 200 miliyoni, ndipo inagwa kuyambira tsiku loyamba. Malinga ndi mfundo yanu, yoyamba ija inayenera kudzaza holo masiku atatu oyamba. Bwanji sinatero?

Chembe_Boy
Chifukwa biliyoni ija sinali yake yokha. Inatuluka mu March 2019, patangotsala masabata ochepa kuti Endgame ituluke, ndipo anthu ankaganiza kuti akapanda kuiona sadzamva Endgame. Inakwera lole ya eni ake. Pofika 2023 lole ija kunalibe.

Akawunti_Koche
Muwonjezerepo kuti mu 2023 ochita mafilimu ku America anali pa sitalaka kuyambira July mpaka November, ndipo malamulo a sitalakayo sankawalola kutsatsa mafilimu awo. Sitalaka inatha filimuyo itatsala pang'ono kutuluka. Ndiye mng'ono wa a WaVidiyo sakunama kotheratu, kutsatsa kuli ndi gawo lake. Komanso panthawiyo kampani ya Marvel inali itatulutsa zinthu zambiri, mafilimu ndi ma series a pa Disney+, moti munthu kuti amve nkhani ankayenera kuonera zina zambiri kaye. Anthu anatopa.

Mphunzitsi_Namwera
Ndikuvomera a Mkaka, mfundo yanga inafunika kukonzedwa. Chomwe chimadzaza holo tsiku loyamba si ndalama zomwe yoyamba inapanga, koma chikondi chomwe inasiya mwa anthu. Zinthu ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Filimu ikhoza kupanga ndalama zambiri anthu osaisunga mumtima, ndipo ina ikhoza kupanga zochepa m'maholo koma anthu n'kudzaikonda kunyumba. Terminator ya 1984 inali filimu yaing'ono, koma anthu anaionera pa matepi kwa zaka zambiri, ndipo yachiwiri ya 1991 inapanga ndalama zoposa 500 miliyoni, kuposa yoyamba kangapo.

Kabaza_wa_Soko
Ndipo munali Schwarzenegger. Ekitala.

Nachisale_265
A Kabaza simusintha. Nanga Black Panther? Chadwick Boseman, ekitala wamkulu wa yoyamba ija, anamwalira mu August 2020, yachiwiri anajambula popanda iye, koma inapangabe zoposa 850 miliyoni.

Kabaza_wa_Soko
Yoyamba inapanga 1.3 biliyoni. Kusiyana kwakeko ndi iyeyo. Ndipo ambiri anapita kukamulira. Furious 7 ya 2015 inafika 1.5 biliyoni chifukwa anthu ankafuna kutsanzikana ndi Paul Walker, yemwe anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2013 filimu isanathe kujambulidwa. Ine pamapeto paja, magalimoto awiri akusiyana njira, misozi inalengeza. Musandiuze kuti munthu alibe ntchito.

Nachisale_265
Apo mwandigonjetsa pang'ono. Inenso ndinalira.

Anganga_Malindi
Poti mwatchula Black Panther, kodi mukudziwa kuti muli magazi a ku Malawi? Mayi Connie Chiume, omwe anasewera ngati mmodzi wa akuluakulu a m'bwalo la mfumu, anabadwira ku South Africa koma bambo awo anali a ku Nkhata Bay. Anamwalira mu 2024. Ndinanyadira nditamva.

MuJoni_Fordsburg
Zoona agogo, kuno ankadziwika kwambiri pa masewero a pa TV. Ndipo Black Panther itatuluka mu 2018 anthu kuno ankapita ku holo atavala zovala zachikhalidwe, mabanja athunthu. Chinalipo ndi kudziona pa sikirini. Zimenezi nazo ndi ndalama. Onani Ne Zha 2 ya 2025, katuni ya ku China yochokera pa nthano yawo yakale. Inadutsa madola 2 biliyoni, ndipo pafupifupi zonse zinachokera kwawo komweko.

Nyali_ya_Sola
Ndiye bwanji ife tilibe ma part 2 athu? The Last Fishing Boat ya a Shemu Joyah inajambulidwa konkuno kunyanja, nkhani yake ndi ya asodzi ndi alendo okaona malo, zinthu zomwe timaziona tsiku ndi tsiku. Ndinkayembekeza kuti mafilimu otere achuluka.

Akawunti_Koche
Chifukwa ndalama za pakhomo kwathu kuno sizibwerera kwa wojambula. Kunja part 2 imajambulidwa chifukwa part 1 inasiya manambala olembedwa, ndipo wokhala ndi ndalama akaona manambalawo amalimba mtima. Ife filimu ikatuluka lero, mawa ili pa memory card, mkuja aliyense watumizirana pa foni. Anthu masauzande aiona, aikonda, koma wojambula alibe choti aonetse kubanki. Ndikunena izi mopanda kuloza chala munthu, chifukwa inenso foni yanga ili ndi mafilimu omwe sindinalipire.

WaVidiyo_Mbaluku
Apa mwandikhudza, ndipo sindikana. Ndalama yomwe ndimatolera pakhomo imathera pa lendi, mafuta ndi ana kunyumba. Koma ndinene poyera, wojambula wa kuno atabwera kudzati tigawane ya pakhomo ngati momwe a Akawunti afotokozera, theka kwa theka, ine ndikhoza kuvomera mawa lomwe. Mavidiyo sho alipo ambiri kuyambira Monkey Bay mpaka Makanjira. Kungoti palibe anatisonkhanitsapo.

Nachisale_265
Ndipo musaiwale omasulira. Kuno filimu imadzaza chifukwa cha yemwe waimasulira m'Chichewa. Azakhali anga safunsa za ekitala, amafunsa kuti wamasulira ndani. Wina akamasulira part 1 bwino, part 2 n'kumasulira wina wosadziwa kukoka nkhani, anthu amadandaula ngati asinthiridwa ndiwo.

WaVidiyo_Mbaluku
Zimenezo ndinaziona pa filimu ina ya nkhondo. Part 1 womasulira anapatsa msilikali wina dzina lachiyao, ndipo nthawi iliyonse akaonekera holo yonse inkamuitana ndi dzina limenelo. Ana ankaitanana dzinalo mpaka kumpira. Part 2 inabwera ndi mawu a munthu wina, dzina lija kulibe. Anthu anakhala chete ngati msilikaliyo ndi mlendo, pomwe nkhope ndi yomweyo. Ena anandifunsa ngati ndaika filimu yolakwika.

Mphunzitsi_Namwera
Chitsanzo chimenechi chaposa zanga zonse. Anthuwo anabwera kudzakumana ndi munthu yemwe ankamudziwa, ndipo sanamupeze. A Kabaza akamati ekitala, ndikuganiza kuti akutanthauza zimenezi. Si dzina la pa positala, koma munthu wa m'nkhani yemwe anthu anapalana naye ubwenzi.

Kabaza_wa_Soko
Eya aphunzitsi, ndi zomwe ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa.

Mkaka_Wa_Mbuzi
Ine ndatsala ndi chimodzi chomwe simunachikhudze mokwanira: tsiku lotulutsira. Makampani amalimbirana December ndi miyezi ya tchuthi cha kwawo, ndipo filimu yaikulu ikalengeza tsiku, zinzake zimathawa. Avatar inakhala masabata angapo popanda mnzake wolimbana naye. Filimu yabwino yomweyo ikatuluka sabata imodzi ndi chimphona china, maholo a IMAX amatengedwa ndipo imafa isanayende.

WaVidiyo_Mbaluku
Zoona. Ine sindiika filimu yatsopano tsiku lomwe Bullets ikusewera ndi Wanderers, kapena usiku wa Champions League. Ndinayesapo kamodzi, munalowa ana okhaokha. Komanso nyengo ya mwera asodzi akapanda kulowa m'madzi, ndalama m'mudzi imasowa, ndipo ngakhale nditaika yabwino bwanji mabenchi amakhala theka.

MayiWaAwiri_Namiasi
Ndiye Loweruka likubwerali muika chiyani? Ana anga akufunsa.

WaVidiyo_Mbaluku
M'mawa ndiika Moana yoyamba 9 koloko, yachiwiri 11 koloko, wolipira yoyamba adzalowa yachiwiri ndi theka la mtengo. Madzulo ndikufuna kuyesa zomwe aphunzitsi anena. Lachisanu ndiika Terminator yoyamba, Loweruka yachiwiri, ndipo ndidzawerenga anthu Loweruka ndi Lamulungu padera kuti ndione kusiyana kwake. Chomwe ndikusowa ndi kope lomwe ma part onse awiri anamasulira munthu mmodzi. Amene ali nalo andiuze pano lisanafike Lachinayi.

Chembe_Boy
Ndili nalo pa flash, koma mawu a part 2 amatsalira pang'ono kumapeto. Ndikubwera ku boma Lachitatu ndi minibasi ya m'mawa, ndidzatsikira pa M'baluku kuti muliyese kaye pa TV yanu.

WaVidiyo_Mbaluku
Zikomo achimwene. Mukatsika mudzafunse a kabaza aliyense pa siteji, adzakulozerani. Ndimatsegula 8 koloko.